Mawu a Chawezi m'Chombo cha Nyazuwa

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi Mizeck, kondakitala wa minibasi ya ku Chintheche, tsiku lomwe tayala linatiphulikira pakati pa mitengo ya labala, jeke n'kupezeka kuti anabwereka wina. Ine miyendo yanga sidziwa kukhala pansi. Ndagona m'madepoti ambiri, ndipo katundu wanga ndi nkhani za anthu osawadziwa. Koma Mizeck anangondiponyera fupa. Mnofu wake ndinakaupeza kwa mwini nkhani, Rodgers Makwinja, wocheka labala wochokera ku Phalombe. Anaifotokoza akuyang'ana pansi, mawu osakwera osatsika, ngati munthu wolengeza zanyengo pa wailesi. Ndikupatsani monga anandipatsira.

1

Chaka chimenecho kunabuka nthano ya pa foni yotchedwa Chombo cha Nyazuwa. Inkatuluka m'magawo, ndipo anthu ankapatsirana pa memori khadi. Asodzi ankamvera posoka maukonde, madalaivala ankaiyika m'minibasi m'malo mwa nyimbo.

Inkanena za anthu amene anathawa dziko litapsa, n'kulowa m'chombo chachikulu ngati boma lonse la Nkhata Bay, choyenda pakati pa nyenyezi. Ana ankabadwira momwemo, n'kufera momwemo. Mpweya, madzi ndi kuwala zinkachokera kwa makina otchedwa Msungi, ndipo akulu a mpingo wa m'chombomo ankaphunzitsa kuti Msungi ndiye pakamwa pa Mulungu. Munthu akalakwa ankamulanda khadi la mpweya, azikapuma wa m'makonde, wonunkha dzimbiri. Mbadwo uliwonse ankasankha mtsikana mmodzi kuti akwatiwe ndi Msungi, azikhala m'chipinda chake n'kumamupukuta fumbi. Wosankhidwa nthawi imeneyo anali Nyazuwa. Ndiye panali Kanyenda, mnyamata wopukuta mawindo kunja kwa chombo, amene anaona ndi maso ake kuti chombocho sichikupita kulikonse. Chinkangozungulira dziko lomwe linaphukanso kale. Anayamba kunong'oneza anzake kuti athyole chitseko.

Mawu a Kanyenda aliyense ankawadziwa. Anali a Killion, mnyamata wokonza mafoni pa kamsika ka m'mbali mwa msewu. Kale ankagwira ntchito pa loji ina ku Kande, ndipo atachoka anabwera ndi katoni ya mabuku osiyidwa ndi alendo, onse onena za maiko a kumwamba ndi makina oganiza. Koma mawu a Nyazuwa sankatchulidwa mwini wake.

Rodgers anaimva koyamba pa shedi yoperekera utomoni. Dyson, mnzake wa m'malaini a pa esiteti, anamuyandikizira foni kukhutu.

"Achimwene, tamverani apa. Mwina makutu angawa akalamba."

Mawu a mkazi anatuluka mofewa: "Kanyenda, ukatsegula chitsekocho usandifunse ngati ndikuopa. Ungondigwira dzanja. Kuli bwino ndipse ndi dzuwa tsiku limodzi ndili nawe kusiyana n'kukalamba ndikupukuta chitsulo."

Anthu a pa mzere anasiya kucheza. Mkazi wa Rodgers, Chawezi NyaLongwe, ankakazinga chinangwa pafupi ndi kashopu ka Killion. Onse ankagula kwa iye.

"Alamu athu tikadutsa amangoti chinangwa chotentha, basi," anatero Dyson. "Kani ali ndi mawu ena osungira alendo?"

Wina anaseka, n'kudziletsa. Rodgers anayang'ana utomoni woyera m'ndowa yake. Anadikira kuti mtima uyambe kugunda, kapena manja atenthe. Sipanachitike kanthu.

"Ndamva," anatero. "Tiona mawa."

Anathira utomoni, anatsuka ndowa, n'kumapita.

2

Rodgers anamupeza Chawezi kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa choviika cha kondowole. Anali atakhala m'banja zaka zingapo. Anabereka mwana mmodzi, Pilirani, amene anamwalira asanayambe kukwawa, ndipo anaikidwa kwawo kwa mayi ake ku Chintheche. Kuyambira pamenepo Chawezi anasiya kumutchula kuti bambo a Pilirani. Ankangoti a Rodgers. M'nyumbamo simunkamveka mkangano. Rodgers sankamwa mowa, sankamenya, sankachedwa kubwera. Amayi a m'malaini ankamupereka ngati chitsanzo kwa amuna awo.

"Anthu akuti mawu aja ndi anu," anatero.

Chawezi sanatembenuke. "Anthu akuti. Nanga inu mukuti chiyani?"

"Ine ndangomva pang'ono."

"Gawo liti?"

"La kugwirana dzanja."

"Lokhalo?"

"Lokhalo."

Apa ndi pomwe anatembenuka, manja ali mbuu ndi chinangwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene waimirira pa siteji akuona minibasi ikubwera kutali, osadziwa ngati iima.

"Mukamve yonse, a Rodgers. Kuyambira poyambirira."

"Ndamva. Tiona mawa."

Chawezi anaseka kamodzi m'mphuno, n'kubwerera ku chinangwa chake.

3

Asanamve yonseyo kunabwera a Manda, mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha.

"Yewu, ada," anatero Rodgers, akuwapatsa mpando. Chitonga chake chinkathera pomwepo, choncho a Manda analankhula Chichewa.

"Khadi la mpweya," anayamba. "Ngakhale mwana wa Sande sukulu akudziwa kuti akunena khadi la mgonero. Dzana mnyamata wa kwaya wandilonjera kuti mwe uli, akulu a chombo. Ine, amene ndinaimirira pa ubatizo wake." Anapukuta thukuta. "Koma limenelo tingalimeze. Lachiwiri ndi lomwe latiima pakhosi. Mayi wa pabanja, wovala yunifolomu ya gulu lathu la amayi la Umanyano, kumuuza mnyamata wosakwatira kuti amugwire dzanja, boma lonse likumva."

"Ndi nthano, ada."

"Nthano imakhala ya mwini pakamwa. Loweruka kuli bwalo la akulu, chifukwa mawa lake ndi mgonero. Akapezeka kuti ndi iye, tim'dula mgonero, ndipo amayi amuvula yunifolomu pamaso pa anzake. Amalume ake ku Chintheche ayamba kale kufunsa ngati mukum'bweza."

"Iye mwamufunsa?"

"Akungotiyang'ana. Koma ife kuno tili ndi kachitidwe kathu. Mawu a mkazi amawadziwa ndi mwamuna wake. Tidzaiyika foniyo patebulo, n'kufunsa inu. Mukati ndi iye, ndi iye. Mukati ayi, tatseka."

Atachoka, Rodgers anakhala pampando womwewo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa mapazi ake. Anayesa kuganiza za Chawezi atagwirana dzanja ndi Killion. Chithunzicho chinkabwera, koma ngati cha anthu a pa kalenda.

4

Lachinayi ataweruka anapita kwa Killion. Mpeni wochekera labala unali m'thumba la ovolosi, chifukwa unkakhala momwemo masiku onse. Killion anaona chogwirira chake, n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda batire ya sola.

"Akulu, tiyeni tikambirane ngati anthu. Khalani apa. Mayi aja alibe mlandu."

"Mawu aja si awo?"

"Ndi awo koma si awo. Dikirani, ndikuonetseni. Nenani chilichonse pafoni apa. Werengani zalembedwa pa katoni iyo."

Rodgers anawerenga. Killion anabaya-baya foni, akudandaula kuti netiweki ikuvuta. Kenako foniyo inalankhula. Anali mawu a Rodgers enieni, ndi kukoka kwake kwa ku Phalombe.

"Ine Rodgers Makwinja ndimaopa abakha. Ndikaona bakha ndimakwera mumtengo."

Mayi wina wodikira foni yake anaseka mpaka kugwira nthiti. Rodgers sanaseke. Anadabwa chabe kuti mawu ake ndi otero, opanda phiri, opanda chigwa.

"Mwaona?" anatero Killion. "Makina a masiku ano akangomva munthu pang'ono, amamutengera mawu. Ine ndinatenga vidiyo ya tsiku la amayi kutchalitchi, pomwe mayi aja ankawerenga Baibulo. Zonse ndinalemba ndekha. Ndinalakwa kusapempha. Loweruka ndikanena zomwezi."

Ankalankhula mothamanga, maso ali pa sikuludalaiva.

"Ndiyikire yonse," anatero Rodgers, akutulutsa foni yake ya mabatani.

"Yonse? Magawo ena ndi otopetsa, akulu. Ndikuyikireni nyimbo za kwanu."

"Kuyambira poyambirira."

Potuluka anadutsa pa chiwaya cha mkazi wake. Chawezi ankatembenuza chinangwa m'mafuta, ndipo sanakweze mutu.

5

Anamvera Lachisanu m'mawa akucheka. Ntchito ya labala sifuna mutu. Umasenda kakhungwa kopyapyala ngati pepala, mzere wopendekera, utomoni n'kuyamba kutsetserekera m'kapu, iwe n'kupita pa mtengo wina. Dzanja limadziwa lokha polekezera. Ukazamitsa pang'ono wabaya thupi la mtengo, ndipo chipsera chake sichitha. Rodgers anali asanabayepo mtengo. Akapitawo ankabweretsa ophunzira kudzaona mizere yake.

Anaika zomvera m'makutu. Magawo oyamba analibe Kanyenda. Anali a Nyazuwa ndi mwamuna wake Msungi. Rodgers ankayembekezera chilombo, koma Msungi sanali woipa. Sankakalipa. Madzi ankabwera pa nthawi yake, nyali zinkayaka pa nthawi yake. Anthu a m'chombo ankamuuza Nyazuwa kuti ali ndi mwayi.

"Msungi," anatero Nyazuwa, "lero ndalota mvula. Sindinaionepo, koma ndailota."

Mawu okhuthala, osakwera osatsika, anayankha: "Ndamva. Tiona mawa."

"Msungi, ndikufuna kubwerera ku chipinda cha maphunziro. Ndinasiya ndisanamalize."

"Ndamva. Tiona mawa."

"Msungi, kodi ine ndikachoka mungazindikire?"

"Ndamva. Tiona mawa."

Rodgers anapita pa mtengo wotsatira. Mawu amenewa, anadziuza, amawadziwa aliyense. Dyson amanditonza nawo. Killion anawatola pamsika. Chawezi kufuna sukulu, nazonso si zachinsinsi, chifukwa anasiyira Fomu 3 ndipo amawerenga ngakhale mapepala okulungira chinangwa.

Kenako linafika gawo lina lalifupi, la Nyazuwa akulankhula yekha. Rodgers anaima. Analibweza, n'kumveranso. Atayang'ana mtengo umene anali kucheka, anaona mpeni utalowa mpaka pa thupi loyera, mzere wonse. Utomoni unkatsika wosakanikirana ndi zinyenyeswa.

Kapitawo anabwera n'kuyang'ana chilondacho, kenako nkhope yake.

"Makwinja, mukudwala?"

"Ayi."

Anamaliza mitengo yake yonse. Kunyumba anadya, anathokoza. Chawezi anaona zomvera zikulendewera m'thumba lake, n'kudikira. Rodgers anatsegula pakamwa. M'kati munalibe mawu aliwonse kupatula omwe aja, ndipo anachita nawo manyazi. Anatseka.

6

Bwalo linakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Akulu anakhala kutsogolo, amayi awiri a Umanyano pambali, Chawezi pa benchi yake yekha, atavala bulawuzi yoyera yosita bwino. Amalume ake anabwera kuchokera ku Chintheche ndipo anakhala pafupi ndi khomo.

Anaseweretsa gawo la dzanja lija. M'kachipindamo mawuwo anamveka amaliseche. Mmodzi wa amayi aja anaphimba pakamwa ndi nsalu.

Killion anapempha kulankhula. Anafotokoza za makina, koma a Manda anagwedeza mutu.

"Mwana wanga, ife tinabadwa kale. Foni imabweza zomwe yamva. Siipeka."

"Ndiye ndiloleni, ada. Ndili ndi ulaliki wanu wa pa maliro aja a ku Kande."

Anabaya foni. Mawu a a Manda, ndi kakhosomo kawo komwe, anadzaza chipinda: "Abale, usipa wa lero watchipa. Bwerani ndi mabeseni, bwerani ndi zidebe."

Mlembi wa bwalo anagwetsa cholembera. Wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. A Manda okha sanaseke.

"Zimitsa chinthucho," anatero chapansipansi. Kenako anatembenukira kwa Rodgers. "Taona kuti n'zotheka. Koma kutheka si umboni. Ada Makwinja, imirirani. Pamaso pa Mulungu ndi bwalo lino, mawu aja ndi a mkazi wanu?"

Rodgers anaimirira. Pakona ya diso anaona Chawezi naye akudzuka, dzanja litagwira benchi, pakamwa patatseguka pang'ono. Anaona bulawuzi yoyera ija, ndi amayi awiri aja amene akanaivula. Anaona amalume pakhomo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analankhula mofulumira.

"Si a mkazi wanga. Ndi a makina. NyaLongwe sangapeke zinthu ngati zimenezi."

Chawezi anakhalabe chiimire kanthawi. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

Mlandu unathera pomwepo. Killion anadzudzulidwa, n'kulamulidwa kufufuta magawo onse ndi kusapanganso ena. Amayi aja anamukumbatira Chawezi. Amalume anagwira dzanja la Rodgers ndi manja awiri. "Yewu, mkamwini. Mwatichotsa manyazi."

7

Anabwerera wapansi, kudutsa m'mizere ya mitengo ya labala, dzuwa lili pamutu. Chawezi anali patsogolo. Atafika poti sakuonekanso ndi anthu, anaima.

"Ndimadzuka kuti ndinene."

"Ndinaona."

"Ndi ine. Mawu ndi anga, nthano ndi yanga, kuyambira gawo loyamba. Mabuku a Killion ndinawerenga onse ndikudikira ogula, n'kuona kuti ngakhale ine ndingathe. Iye amangogwira foni, n'kuwerenga za Kanyenda ndi za Msungi zimene ndamuuza. Amawerenganso moipa. Za makinazo anapeka yekha poopa mpeni wanu."

"Ndikudziwa."

"Mwadziwa liti?"

"Dzulo. Gawo la mwana."

M'gawo limenelo Nyazuwa ankafotokoza tsiku limene mwana wake anasiya kupuma. Anabwera kuchokera kokamutaya, anthu onse atabalalika, n'kukhala pansi m'chipinda cha Msungi, akudikira liwu limodzi lokha. M'malo mwake anamva kwee, kwee, kwee. Msungi ankanola mipeni ya mafani ake opemerera mpweya, chifukwa mawa anthu adzafuna mpweya.

Tsiku limene anabwera kuchokera ku maliro a Pilirani, Rodgers anakhala pakhomo la kuseri n'kutenga mwala wake wonolera. M'nyumbamo munali anthu awiri okha.

"Sindinkadziwa chochita ndi manja," anatero Rodgers.

"Mukanandiuza zimenezo tsiku lomwelo."

Tsamba louma linagwa pakati pawo. Kutali thalakitala ya esiteti inkadutsa.

"Ngati mumadziwa, mwanamiranji?"

"Akanakuvulani yunifolomu. Amalume akanakutengani."

"Akanandivula, inde." Chawezi anayang'ana bulawuzi yake ngati ya munthu wina. "A Rodgers, mwana ndinapanga, anapita. Chinatsala chimene ndinapanga ndekha ndi ichi. Asodzi a ku Usisya amatumiza uthenga kufunsa gawo lotsatira. Ndiye inu mwaima pamaso pa anthu n'kunena kuti ine sindingapeke. Kuti zapangidwa ndi makina."

Sanakweze mawu. Sanalire. Rodgers akuti akanalira zikanakhala bwino.

"Nanga Killion? Inu ndi iye?"

"Killion ndi mwana. Kanyenda kulibe, a Rodgers. N'chifukwa chake ndinachita kumupeka."

Anayambanso kuyenda. Rodgers anamutsatira. Panali funso limene linkamukanda kuyambira dzulo, ndipo atayandikira malaini analitulutsa.

"Imatha bwanji? Chitseko chija akachithyola, Nyazuwa amapita? Nanga Msungi, pali tsiku limene amayankha zina?"

Chawezi anatembenuka, n'kumuyang'ana bwinobwino kuyambira kumutu mpaka ku majombo.

"Ndamva," anatero. "Tiona mawa."

Mawa lake Chawezi anadya mgonero, atavala zoyera.

8

Killion anasamukira ku Mzuzu. Nthano ija inathera pomwe anthu a m'chombo aunjikana pachitseko, ndipo mpaka lero madalaivala ena amatsutsana za mathero ake. Rodgers ndi Chawezi akadali limodzi. Amayi a m'malaini amawatchulabe ngati banja lachitsanzo. Rodgers anandiuza kuti masiku ano amayesa kulankhula. Amafotokoza za mitengo, za Dyson, tsiku lina anafotokoza za mwala wonolera uja. Chawezi amamvetsera mwaulemu, n'kumupatsa madzi osamba pa nthawi yake.

Inu owerenga, makamaka abambo amene mumadzitama kuti kwanu sikumveka phokoso, ine sindikuphunzitsani kanthu. Ndakalamba ndilibe khomo langa. Ndingoti nyumba ya chete ili mitundu iwiri, ndipo ukaima panja sungaisiyanitse.

Koma ndinene poyera kuti nkhaniyi sindinaimeze yonse. Mizeck anandipezera memori khadi imene inapulumuka, ndipo ndinamvera magawo onse pa ulendo wa ku Dwangwa. Msungi alimo, ndi yankho lake lija. Dzanja la Kanyenda lilimo. Gawo la mwana ndi kunola mipeni sindinalipeze. Mwina khadi langa linali loduka. Mwina Killion analichotsa. Kapena mwina Rodgers, atayenda ndi phokoso la mwala uja m'mutu mwake zaka zonsezo, analimva m'makutu mwake yekha pakati pa mitengo, ndipo zokambirana za panjira zija ndi zimene akanafuna kuti zinenedwe.

Ndinapita pa chiwaya chija. Ndinagula chinangwa, n'kufunsa mayiyo ngati amaidziwa nthano ya Nyazuwa. Anathira mchere, anakulunga m'pepala, n'kuyamba waliwerenga pepalalo asanandipatse.

"Zija anapanga ndi makina, ada," anatero. "Anatero amuna anga."

Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati ndi mawu omwe aja. Sindikudziwa.